DZUWA KAPENA GETSI? ZOYENERA KUDZIWA POTSUKA ZITHUNZI NDI CEZA CA UV

Masiku ano cithunzi sicisowa. Pa ukwati, pa ubatizo, pa cionetsero ca zaulimi ngakhale pa maliro, aliyense atulutsa foni ndi kujambula. Koma tidzifunse: mwa zithunzi zonsezo, ndi zingati zimene zifika pa pepala? Foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, nkhope za agogo zipita nayo pamodzi. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene anthu m'maiko ambiri ayambiranso njira zakale zotsukira zithunzi ndi manja. Njirazi sizifuna makina okwera mtengo. Zifuna pepala, madzi, mankhwala pang'ono ndi kuwala.

Pa zinthu zinayi izi, cimene cisokoneza anthu ambiri ndi kuwala. Si kuwala kulikonse kumene kugwira nchitoyi. Pafunika ceza cimene akatswiri acicha ultraviolet, mwacidule UV. Munthu wosadziwa angataye ndalama zake pa getsi losathandiza, ndipo coopsa koposa, angagule getsi lomwe lidzamuononga maso iye ndi ana ake. Ndiye lero tifuna kuthandizana ndi magulu a acinyamata, aphunzitsi ndi aliyense wofuna kuyesa lusoli, kuti tidziwe posankha. Tinene poyambirira pomwe kuti kwa ife kuno ku Zambia, nyale yoposa zonse tili nayo kale kumwamba, ndipo ndi yaulere. Getsi tigule pokhapo ngati pali cifukwa ceni-ceni, ndipo tigule la mtundu woyenera.

CEZA COSAONEKA NDI MASO

Mlimi aliyense aidziwa nchito ya ceza cimeneci ngakhale sanamvepo dzina lake. Citenje coyanikidwa padzuwa masiku ambiri cisuluka. Cidebe ca pulasitiki cosiyidwa panja cimayamba kuyera kenaka ndi kung'aluka. Masaka a feteleza osiyidwa kumunda afumbutuka okha. Si kutentha kokha kumene kucita izi, koma ceza ca UV cimene cibwera pamodzi ndi kuwala kwa dzuwa.

Anacitulukira ndi Johann Wilhelm Ritter wa ku Germany m'caka ca 1801. Iye anagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake monga tionera pa utawaleza, ndipo anaona kuti pepala lopakidwa mankhwala a siliva linali kuda msanga kupitirira malire a mtundu wotsiriza, pamalo pomwe maso sanali kuonapo kuwala kulikonse.

Ceza cimeneci acipima ndi muyeso wocedwa nanomita, umene pa mabokosi a magetsi ulembedwa kuti nm. Cili m'magulu atatu. UVA ndi ya 315 kufika 400 nm. UVB ndi ya 280 kufika 315 nm, ndipo ndiyo ipsereza khungu. UVC ndi ya 100 kufika 280 nm, yoopsa koposa zonse, koma ya kudzuwa sitifika cifukwa itsekerezedwa m'mlengalenga. Pa nchito ya zithunzi tifuna UVA cabe, maka-maka kuyambira 350 kufika 400 nm. Manambala awa tiwasunge bwino pamtima, pakuti ndiwo adzatitsogolera m'sitolo.

KUMENE LUSOLI LINACOKERA

Njira yapafupi koposa, imenenso tikambapo kwambiri pano, ichedwa cyanotype, ndipo itulutsa zithunzi za mtundu wa buluu. Anaipeza ndi Sir John Herschel wa ku England m'caka ca 1842. Bambo ameneyu anali katswiri wa nyenyezi, ndipo anakhalapo ku Cape ku South Africa kuyambira 1834 kufika 1838 akuwerenga nyenyezi za kumwera zomwe ife tiziona usiku uliwonse.

Caka cotsatira, mu 1843, mayi wina wodziwa za zomera, Anna Atkins, anayamba kuyala ndere za m'nyanja pa mapepala opakidwa mankhwalawa ndi kuziika padzuwa. Anasonkhanitsa mapepalawo ndi kupanga buku lochedwa Photographs of British Algae, limene lidziwika kuti ndilo buku loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala. Nchitoyi inamutengera zaka 10. Mabuku ake akalipo mpaka lero ndipo buluu wake sanasuluke. Pambuyo pake akatswiri omanga nyumba, milatho ndi njanji anagwiritsa nchito njira yomweyi kwa zaka zambiri pocurukitsa mapulani ao.

Ngakhale kuno kumwera kwa Africa inagwirapo nchito. M'caka ca 1900, pamene tauni ya Mafeking, imene lero ichedwa Mahikeng, inazingidwa pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, anthu a m'taunimo anasindikiza masitampa ao ndi njira ya buluu yomweyi. Sitampa ina inali ndi nkhope ya Robert Baden-Powell, yemwe pambuyo pake anayambitsa gulu la ma Scout. Tione apa kuti Herschel ndi mayi Atkins analibe getsi lililonse. Zonse anacita ndi dzuwa la ku England, lomwe ndi lofooka kwambiri tikaliyerekeza ndi lathu.

MMENE CITHUNZI CITULUKIRA

Kuti timvetse cifukwa cake kuwala kuli kofunika, tifotokoze mwacidule nchito yonse. Pafunika mankhwala awiri: ferric ammonium citrate wobiriwira ndi potassium ferricyanide. Sapezeka m'kantemba. Agulidwa kwa ogulitsa mankhwala a m'malabotale kapena kuitanitsidwa kunja, ndipo aphunzitsi a sayansi ku sekondale angathandize kuwazindikira. Muyeso umene ambiri atsata ndi uwu: magalamu 25 a oyambawo m'madzi okwana mamililita 100, ndi magalamu 10 a aciwiriwo m'madzi enanso mamililita 100. Asungidwa m'mabotolo awiri osiyana, mumdima. Pa tsiku la nchito tithira muyeso wofanana kucokera m'botolo lililonse, ndi kupaka pa pepala lolimba kapena nsalu ya thonje, m'cipinda mopanda dzuwa. Pepalalo liumire mumdima.

Likauma, tiikapo cinthu cimene tifuna cioneke. Cingakhale tsamba, nthenga, ngala ya mapira kapena leisi. Ngati ndi cithunzi ca munthu, tipita naco kwa a fotokope kuti acitembenuze, zoyera zikhale zakuda ndi zakuda zikhale zoyera, ndi kucisindikiza pa pulasitiki yoonekera. Imeneyi ndiyo negetivu. Pamwamba pake tipanikiza galasi, ndi kutulutsa zonse pa kuwala. Pamene ceza cafika, mankhwala asandulika buluu wosasungunuka m'madzi. Pamene pachingidwa, mankhwala atsala monga analili, ndipo acoka potsuka ndi madzi. Cithunzi cimakhala cacikulu molingana ndi negetivu yake, sicikula ndipo sicicepa.

Pali njira zinanso za banja lomweli: Van Dyke imene itulutsa mtundu wa khofi, pepala la mcere ndi siliva, platinum, ndi gum bichromate. Zonsezi zifuna UVA yomweyo, motero kuwala kumene tasankhira imodzi kudzathandiza pa zinazo. Cimodzi-modzinso anzathu osindikiza malemba pa ma T-shirt a makwaya ndi masukulu: mankhwala amene apaka pa sefa yao aumitsidwa ndi ceza comweci. Koma kwa magulu a m'parishi tilangiza cyanotype. Siliva ndi platinum ndi zodula, ndipo mankhwala a bichromate adziwika kuti ayambitsa khansa.

DZUWA: UBWINO WAKE

Dziko lathu lili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, ndipo lili pamtunda. Lusaka ali pa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, Chipata pa mamita oposa 1,000. Munthu akakwera mamita 1,000, mphamvu ya UV ionjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, dzuwa la masana ku Chipata limaima pa liwombo peni-peni, mpaka cithunzi-thunzi ca munthu cibisala kunsi kwa mapazi ake. Pa dzuwa lotere, pepala la cyanotype lipsa m'mphindi 5 kufika 15. Anzathu a ku Ulaya agula magetsi odula cifukwa miyezi ingapo pa caka dzuwa lao limakhala lotsika ndi lofooka. Ife tilibe vuto limeneli.

Ubwino waciwiri ndi wakuti dzuwa lili kutali kwambiri, motero ceza cake cibwera coongoka, conse kucokera mbali imodzi. Ici cithandiza kuti m'mphepete mwa cithunzi mukhale mwakuthwa. Tikaika cinthu cosaphwathalala, monga duwa la thonje kapena cisononkho ca cimanga, mthunzi wake utuluka woyera bwino. Getsi la mababu ambiri silingacite zimenezi, cifukwa kuwala kwake kulowa kunsi kwa cinthuco kucokera mbali zonse.

Cacitatu, dzuwa lilibe malire a kukula. Amene afuna kusindikiza pa nsalu ya mamita awiri, kaya ya pa guwa, kaya ya pa tebulo, angaiyale pabwalo ndipo yonse idzalandira kuwala kofanana. Kuti tipeze getsi lokwanira nsalu yotere pafunika ndalama zambiri.

DZUWA: ZOVUTA ZAKE

Tisabise, dzuwa lili ndi khalidwe lake. Mphamvu yake isintha ndi ola, mwezi ndi mitambo. Nthawi yabwino ndi kuyambira 10 koloko kufika 14 koloko. Dzuwa la m'mawa kwambiri ndi la madzulo lioneka lowala, koma UV yake ndi yocepa. Alimi ali ndi muyeso wapafupi: cithunzi-thunzi canu cikakhala cacifupi kuposa msinkhu wanu, dziwani kuti ceza cili ndi mphamvu.

M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa lipendekera kumpoto, ndipo nthawi iyenera kutalikitsidwa. Ndi bwino kupendeketsa thabwa kuti liyang'anane ndi dzuwa. Mu Ogasiti ndi Seputembala, utsi wa moto wa m'chire ndi pfumbi zicepetsa ceza ngakhale kumwamba kulibe mtambo. M'dzinja mitambo ibwera ndi kupita. Mitambo yopyapyala ilola UV yambiri kudutsa, conco pepala lipsabe, koma nthawi yake ivuta kuidziwa. Cinyezi ca m'dzinja naconso ciononga mapepala opakidwa kale, motero tisapake ambiri osungira mawa.

Kutentha kwa mu Okutobala kuli ndi msampha wake. Tsamba laliwisi likapanikizidwa kunsi kwa galasi lituluka thukuta, ndipo madontho ake asiya mathotho pa cithunzi. Masamba tiyambe tawapanikiza pakati pa manyuzipepala akale kwa masiku angapo kuti aume.

Vuto lalikulu koposa ndi la kufanana. Ngati gulu lalandira oda ya makadi 50 a ukwati, onse ayenera kutuluka ndi buluu wofanana. Padzuwa, khadi la 10 koloko ndi la 13 koloko sizifanana pokhapo munthu akhale cheru kwambiri. Apa ndi pomwe getsi liyamba kukhala ndi phindu. Lithandizanso amene masana onse amakhala kumunda kapena ku nchito, ndipo mpata aupeza usiku cabe.

MAGETSI OYENERA

Coyamba tidziwe kuti mababu a m'nyumba sathandiza. Babu la LED loyera, nyale ya sola, tochi ya foni, kandulo ndi koloboyi zilibe UV yokwanira. Ici ndi cabwino mbali ina, cifukwa tingapake mankhwala pa kuwala kwa babu lofooka popanda kuononga pepala.

Mtundu woyamba woyenera ndi wa machubu a UVA. Alipo awiri. Olembedwa BL ndi oyera ngati machubu a mu ofesi, ndipo akayaka atulutsa kuwala kwa buluu wotuwa. Ndi omwe aja tiwaona m'mabuchala ndi m'malesitilanti, m'makina okopa ndi kupha nchenche. Olembedwa BLB ndi akuda ngati bii akazima, ndipo akayaka aoneka ofiirira, monga a m'nyumba za madansi. Onse awiri agwira nchito. Chubu imodzi sikwanira: pafunika angapo oyalidwa moyandikana m'bokosi, pepala lili pa masentimita 10 kapena 15 kucokera pa iwo. Ayenera kuyaka mphindi zingapo coyamba kuti afike pa mphamvu yake, ndipo akamakalamba afooka pang'ono-pang'ono ngakhale maso saona kusintha. Mkati mwake muli mercury, amene ndi poizoni. Chubu ikasweka titsegule mawindo ndi kutulutsa ana, ndipo yakutha tisaitaye pafupi ndi citsime kapena dimba.

Mtundu waciwiri, umene masiku ano wapambana, ndi wa LED ya UV. Igulitsidwa ngati lamba wautali womata wokhala ndi timababu ting'ono-ting'ono, kapena ngati getsi limodzi lounikira pabwalo. Pa bokosi payenera kulembedwa 365 nm kapena 395 nm. Ya 395 ndi yochipa ndipo ikwanira bwino pa cyanotype. Ya 365 ndi yodula, ndipo ioneka yofooka m'maso cifukwa kuwala kwake pafupi-fupi konse ndi kosaoneka. Tisanyengedwe ndi zimenezi ndi kuyamba kuisuzumira. Ngati pa bokosi palibe nambala ya nm, cisiyeni. Pali magetsi ena amene angopakidwa mtundu wofiirira koma alibe UV. Akulu anati safunsa anadya phula.

LED iyaka pomwepo, ilibe mercury, ndipo idya moto wocepa. Malamba ambiri ndi a 12 volts, kutanthauza kuti angayake ndi batire ya sola kapena ya motoka. Tonse tikumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Amene akhala kumidzi kumene nthambo sizinafike aidziwa bwino nkhaniyi. Lamba wa mawati 24 akayaka mphindi 15 adya moto wocepa kuposa wodzazira foni imodzi yamakono. Mdani wa LED ndi kutentha, conco timate lambayo pa lata kapena aluminiyamu, ndipo bokosi likhale ndi mabowo opitira mphepo. Mizere yake iyandikane mofanana kuti pa pepala pasakhale mawanga.

Amene asankha getsi limodzi lounikira pabwalo akumbukire lamulo ili: tikalitalikitsa kawiri, mphamvu yofika pa pepala itsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo nthawi italika kanayi. Tikaliyandikitsa kwambiri, pakati papsa koma m'mbali mutsala mosapsa. Poyambira pabwino ndi mtunda wolingana ndi kutalika kwa pepala kucokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopingasa nayo.

Palinso tinyale ting'ono. Kamakina koumitsira penti ya zikhadabo m'masaluni katulutsa UVA, ndipo kangathe kutsuka cithunzi cacing'ono ngati khadi. Kanyale koyesera ndalama zacinyengo m'masitolo nakonso ndi ka UVA, koma ndi kofooka, kangatenge nthawi yaitali kwambiri.

MAGETSI OOPSA

Apa tipempha kuti tonse tichere khutu. Pali machubu ena olembedwa UVC, germicidal kapena 254 nm. Nchito yao ndi kupha tizirombo m'madzi, m'zipatala ndi m'malabotale. Kuyambira caka ca 2020, pa nthawi ya COVID-19, anayamba kugulitsidwa kwambiri m'maiko ambiri, mpaka bungwe la World Health Organization linacenjeza kuti anthu asaunikire nao manja kapena khungu. Kuwazindikira ndi kosavuta: galasi lake ndi loonekera mbee ngati botolo la madzi, lopanda utoto woyera mkati, ndipo akayaka atulutsa kuwala kwa buluu kofooka kooneka ngati kosalakwa.

Amene anayang'anapo moto wa owocherera zitsulo adziwa zimene zicitika. Pa nthawi yomweyo munthu samva kanthu. Pakapita maola 6 kufika 12, kawiri-kawiri pakati pa usiku, maso ayamba kuwawa ngati mwathiridwa mcenga, misozi osaleka. Chubu ya UVC icita comweci m'kanthawi kocepa, ndipo ipserezanso khungu. Cina ndi ici: ceza ca UVC sicidutsa galasi wamba. Popeza pepala lathu limakhala kunsi kwa galasi, munthu adzapweteka maso ake pacabe, phindu osalipeza.

Cimodzi-modzinso mababu akulu a mercury a mtundu wounikira misewu ndi mabwalo a mpira. Ali ndi magalasi awiri, ndipo lakunja ndilo lichinga ceza coopsa. Pali ena amene aswa dala galasi lakunjalo kuti apeze UV yambiri. Ici ndi kuika moyo pa ciswe. Babu lotere likang'aluka lizimitsidwe pomwepo.

Ngakhale UVA yoyenerayo sifunika kuiseweretsa. Getsi likhale m'bokosi lotsekeka, ndipo swichi ikhale kunja, kuti tizizima tisanatsegule. Ana asasiyidwe okha pafupi nalo.

Pa mankhwala, cenjezo lalikulu ndi limodzi. Potassium ferricyanide payekha si woopsa kwambiri, koma akakumana ndi asidi wamphamvu, monga wa m'batire, atulutsa mpweya wakupha. Amene agwiritsa nchito batire ya motoka asunge ziwirizi motalikirana. Tivale magolovesi popaka, ndipo makapu ndi masupuni a nchitoyi asabwererenso ku khichini.

GALASI NDI KUYESA NTHAWI

Ambiri aiwala kuti galasi nalonso lisankha kuwala. Galasi wamba la pa windo, la mamilimita 3 kapena 4, lilola UVA kudutsa. Galasi lakutsogolo la motoka lili ndi pulasitiki pakati imene ichinga UV pafupi-fupi yonse, conco silithandiza. Magalasi akuda ndi ena a m'mafelemu odula nawonso achinga. M'mphepete mwa galasi timatemo tepi kuti lisaceke manja, ndipo tilipanikize mwamphamvu pa thabwa ndi zopanira. Negetivu ikatukuka pang'ono cabe, nkhope ituluka yosaoneka bwino, maka-maka pa bokosi la machubu kapena la LED.

Kaya tasankha dzuwa kaya getsi, palibe munthu angatiuze nambala ya mphindi yogwira paliponse. Mapepala asiyana, mankhwala asiyana. Mwacitsanzo, kasakanizidwe katsopano kamene Dr Mike Ware wa ku Britain anatulukira ca m'ma 1990 kapsa msanga kuposa kakale ka Herschel. Njira ndi kuyesa. Tidule kacidutswa ka pepala lopakidwa, ticiphimbe ndi katoni kusiya mbali yaing'ono. Pakapita mphindi ziwiri zilizonse tisunthe katoniyo pang'ono, mpaka kacidutswa konse kaonekere. Tikatsuka tidzaona mizere ya buluu, wina wotuwa, wina wakuda. Mzere woyamba umene wafika pa buluu wakuda kosasiyananso ndi wotsatira, ndiwo utiuza nthawi yoyenera. Tilembe m'kabuku tsiku, ola, mmene kumwamba kunalili ndi mphindi zake. Pakutha pa caka kabuku kameneka kadzakhala ngati kalendala ya mlimi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pepala lopsa bwino lioneka lotuwa ngati phulusa, ngati laonongeka. Tisacite mantha, pakuti buluu abwera potsuka, ndipo apitiriza kuda mpaka tsiku lotsatira. Madzi a m'zitsime zina za laimu asulutsa buluu. Madontho pang'ono a viniga kapena ndimu m'madzi oyamba athandiza. Sopo waufa ndi phulusa ndi adani a mtundu umenewu, conco nsalu yosindikizidwa icapidwe ndi madzi okha kapena sopo wofewa kwambiri.

KUSAMALA KHUNGU NDI MASO PADZUWA

Popeza tayamikira dzuwa, tiyeneranso kunena kuti maola abwino pa zithunzi ndiwo oipa pa khungu. Pa muyeso wa UV umene alengeza a zanyengo, nambala 11 ndi kupita pamwamba ndi yoopsa, ndipo kuno kwathu ifika pamenepo kawiri-kawiri m'miyezi yotentha. Ceza ca dzuwa cithandizira kubweretsa ng'ala m'maso pakupita kwa zaka. Thabwa likhale padzuwa, munthu akhale pamthunzi ndi wochi yake. Palibe cifukwa coimirira pamenepo.

Tikumbukire mwapadera abale ndi alongo athu acialubino, amene khansa ya pakhungu iwavutitsa kwambiri. Tsiku la 13 Juni caka ciliconse dziko lonse lapansi liwakumbukira, koma m'magulu mwathu tiyenera kuwakumbukira tsiku lililonse. Asasiyidwe kunja kwa nchitoyi, ndiponso asatumidwe kukayang'anira thabwa padzuwa la masana. Kupaka mankhwala, kuyala masamba, kutsuka ndi kusunga kabuku, zonsezi zicitikira m'nyumba. Kwa gulu lomwe lili ndi mnzao wotere, bokosi la LED lotsekeka bwino lingakhale ndalama yogwiritsidwa nchito mwanzeru.

KWA AMENE ALIBE MANKHWALA

Pali njira ina yosafuna kugula mankhwala, yochedwa anthotype, imenenso Herschel analembapo mu 1842. Tisinja masamba obiriwira monga cibwabwa kapena bondwe, kapena maluwa a mtundu wowala, tifinya madzi ake pa kansalu, ndi kupaka pa pepala kawiri kapena katatu. Ufa wa cikasu, umene m'masitolo ulembedwa turmeric, wosungunulidwa mu sipiriti, ugwiranso bwino. Pamwamba tiika tsamba ndi galasi monga kale. Apa dzuwa lisulutsa mtundu pamene pali poonekera, ndipo pochingidwa patsala pakuda. Cikasu citenga maola angapo, masamba ndi maluwa ena atenga masiku ngakhale masabata. Pa njira iyi getsi lingangotha batire pacabe. Dzuwa ndilo likwanitsa bwino. Cithunzi cake cisungidwe m'buku, cifukwa cikakhala poyera cipitiriza kusuluka. Kwa ana a sukulu ndi a katekisimu, iyi ndi njira yabwino yoonera ndi maso ao mphamvu ya ceza cosaoneka.

TIYAMBIRE PATI?

Malangizo athu kwa miphakati ndi magulu a acinyamata ndi awa. Yambani ndi dzuwa, thabwa, galasi la pa windo ndi kabuku. Ndalama zocepa zimene muli nazo zipite ku mankhwala ndi mapepala abwino. Phunzirani nyengo yonse ya cilimwe. Mukaona kuti anthu ayamba kufuna makadi anu ambiri ofanana, kapena kuti mvula ndi nchito za kumunda zikulandani masana, pamenepo sonkhani ndi kugula LED yolembedwa 395 nm kapena 365 nm, ndipo mupemphe munthu wodziwa za magetsi akumangireni bokosi lotsekeka. Chubu yoonekera mbee yolembedwa UVC musailole kulowa m'nyumba, ngakhale wina akupatseni yaulere.

Nchito yoyembekeza lusoli ilipo yambiri. Mitengo monga mukwa, mubanga, masuku ndi msekese ikutha ndi makala, ndipo ana ambiri a m'tauni sadziwa ngakhale tsamba lake. Mbeu za makolo, mapira, mawere, nzama ndi kayera, zikusowa m'nkhokwe. Gulu limodzi m'parishi lingathe kuyenda ndi akulu a m'mudzi, kutola masamba ndi ngala, kuzisindikiza pa pepala ndi kulemba maina ake m'Cinyanja, Cinsenga, Citumbuka kapena Cikunda, pamodzi ndi nchito yake. Buku lotere likasungidwa pouma ndi pamthunzi lidzafika kwa adzukulu, monga mabuku a mayi Atkins afikira kwa ife patapita zaka zoposa 180. Mulungu anatipatsa dzuwa lokwanira. Kwatsala kwa ife ndi kuligwiritsa nchito mwanzeru ndi mosamala.